Kuyeza ndi kusamalira wodwala mtima m'wodi: malangizo kwa anamwino a ku Mulanje

Malangizo awa ndalembera anamwino amene angoyamba kumene ntchito, ophunzira amene atumizidwa kudzazolowera ntchito m'mawodi, komanso anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono monga ku Chonde, ku Chambe ndi ku Muloza, amene kawirikawiri amalandira wodwala mtima ali okha, dokotala ali kutali. Odwala ofunika akatswiri timawatumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, koma asanafike kumeneko moyo wawo umadalira maso a namwino, manja ake, wotchi, sikelo ndi cholembera. Muyeso umodzi wokha sunena zambiri za mtima wodwala. Chimene chimatiuza ngati munthu akuchira kapena akumira ndi kuyeza mwa njira imodzimodzi tsiku lililonse, kulemba, ndi kuyerekeza za lero ndi za dzulo.

Muyenera kudziwa kaye zimene zimafooketsa mitima ya anthu kuno. Choyamba ndi BP yokwera imene yakhala zaka osadziwika. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Chachiwiri, chimene chimandiwawa kwambiri chifukwa chimagwira achinyamata, ndi kuwonongeka kwa mavalavu, timakomo ta mumtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, kochokera ku zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe ndi penicillin munthu ali mwana, makamaka wa zaka 5 mpaka 15. Palinso mtima umene umafooka mayi ali kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi isanu atabereka, madzi odzaza m'kathumba kokuta mtima chifukwa cha TB, makamaka mwa amene ali ndi HIV, ndi kuchepa kwambiri kwa magazi.

Choyamba: yang'anani, kenako mukhazikeni

Musanatsegule buku lake la kuchipatala, muyang'aneni munthuyo. Kodi akutha kumaliza chiganizo osapumira pakati? Kodi wakana kugona, wakhala m'mphepete mwa bedi atagwira mawondo? Kodi akutuluka thukuta lozizira, milomo ndi lilime zasintha mtundu? Wotereyu sayenera kudikira pamzere. Mukhazikeni tsonga, miyendo ilendewere pansi ngati n'kotheka, chifukwa akagona chagada madzi a m'miyendo amabwerera kuchifuwa n'kudzaza mapapo. Bedi likakhala losakwezeka kumutu, mpando wotembenuza wolowetsa pansi pa matiresi kapena mabulangete opinda amagwira ntchito yomweyo. Ikani kachipangizo koyezera okosijeni pachala, ndipo ukakhala pansi pa 90 peresenti yambani kupereka okosijeni uku wina akuitana dokotala. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika m'phiri, zala za odwala zimazizira moti kachipangizoka kamanama. Tenthetsani chalacho m'dzanja lanu, pukutani utoto wa pachikhadabo ngati ulipo, ndiye muyezenso.

Musathamangire kuika dripu yamadzi kwa munthu wobanika ndi wotupa miyendo chabe chifukwa akuoneka wofooka. Ikani kanyula kuti njira ya mankhwala ikhalepo, koma madzi adikire mawu a dokotala.

Chachiwiri: funsani mafunso amene munthu wa kuno angayankhe

Funso lakuti "kodi mumatopa?" aliyense amavomera. Funsani za ntchito zimene wodwalayo amagwira, chifukwa dera lathu ndi la zitunda ndipo mtima wofooka umadziulula pa chitunda. "Mayi, mukasenza ndowa kuchokera ku mjigo, mumapuma kangati musanafike pakhomo? Chaka chatha munkapumanso choncho?" Wothyola tiyi mufunseni ngati akutha kufika posikelitsa dengu lili kumsana osaima. Agogo afunseni ngati akutha kusamba ndi kuvala okha osachita befu. Mayankho amenewa ndi amene amakuthandizani kumuika pa limodzi mwa magulu anayi osonyeza kukula kwa vuto la mtima wofooka, otchedwa NYHA: loyamba ndi la amene sabanika pa ntchito za masiku onse, lachiwiri la obanika pa ntchito wamba monga kukwera chitunda, lachitatu la obanika ngakhale pa kantchito kochepa monga kusesa, ndipo lachinayi la obanika atangokhala.

Funsani za usiku. Ambiri kumudzi sagonera mapilo, choncho kufunsa chiwerengero cha mapilo sikuthandiza. Funsani ngati amagona chagada pamphasa kapena amachezera atatsamira khoma, ndiponso ngati amadzidzimuka pakati pa usiku mpweya utawathera n'kuthamangira kukatsegula chitseko. Ambiri otere akhala akumwa mankhwala a mphumu kwa miyezi, chonsecho chifuwa chikulira chifukwa cha madzi. Munthu amene wayamba "mphumu" atakula kale, miyendo n'kumatupanso, muganizireni mtima.

Kwa wachinyamata, funsani kholo ngati anadwalapo malungo osapezeka m'magazi limodzi ndi kupweteka kwa mfundo kosamukasamuka, lero bondo, mawa chigongono. Kwa mayi aliyense wa msinkhu wobereka, funsani tsiku limene anasamba komaliza ndi pamene anabereka komaliza. Funsani za kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, za ma ARV, za fodya ndi kachasu. Pemphani kuti akuonetseni mankhwala onse amene ali m'chikwama, osati a kuchipatala okha, chifukwa Brufen, diclofenac ndi Indocid zogula pagolosale zimasunga madzi m'thupi ndi kuwononga impso.

Pali nkhani ina yofunika kuigwira mwaulemu. Kutupa kwa thupi m'midzi yathu ambiri amakutcha tsempho kapena mdulo, ndipo banja limayamba lapita kwa asing'anga lisanabwere kuno. Mukawadzudzula sadzakuuzaninso chilichonse. Funsani modekha kuti, "Agogo, musanabwere kuno munamwako chiyani kunyumba?" ndipo muyang'ane ngati pamiyendo yotupayo atemapo mphini, chifukwa khungu lotupa limachedwa kupola ndipo limalowa matenda msanga.

Chachitatu: miyeso, ndi kayezedwe kake

Kugunda kwa mtima muwerenge mphindi yathunthu, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa. Kwa munthu wamkulu kumayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100, koma chiwerengero si zonse. Mverani ngati kukugunda motsatana bwino kapena modumphadumpha popanda ndondomeko. Kugunda kosokonekera chotere n'kofala mwa amene valavu ya mitral, ya kumanzere kwa mtima, inawonongeka, ndipo kumachititsa magazi kuundana mumtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Mukakumva, mverani ndi stethoscope pansi pa bere lakumanzere mphindi yathunthu, chifukwa kugunda kwina sikufika padzanja, ndipo makina a batire nawonso amasokonezeka pa mtima wotere.

Kupuma muwerenge wodwala asakudziwa, dzanja lanu likadali pamkono pake. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Uwu ndi muyeso umene umalembedwa mongoganizira koposa yonse, komabe ndi umene umasintha msanga munthu akayamba kuipiraipira. Tchati chimene chalembedwa 20 m'mawa, masana ndi usiku kwa sabata yathunthu chimasonyeza kuti palibe amene anawerenga.

BP muyeze wodwala atakhala phee kwa mphindi zisanu, mkono utatsamira pofanana ndi mtima, lamba ali pakhungu osati pamwamba pa juzi. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amakweza chiwerengero monama. BP ya 140/90 kapena kuposa, yopezeka mobwerezabwereza, ndi yokwera. Koma pa mtima wofooka chimene chimaopsa msanga ndi BP yotsika: nambala yapamwamba ikakhala pansi pa 90, manja atazizira, ndipo mukatsina chikhadabo magazi akutenga masekondi opitirira atatu kuti abwerere, ndiye kuti mtima ukulephera kufikitsa magazi m'thupi. Yezaninso kutentha kwa thupi ndi shuga, ndipo onetsetsani kuti magazi oyeza kuchuluka kwake, malungo ndi HIV atengedwa.

Chachinayi: khosi, chifuwa, mimba, miyendo ndi msana

Mtsempha wa m'khosi ndi umene umatiuza za madzi a m'thupi popanda makina. Mtsamiritseni wodwala pakatikati pa kugona ndi kukhala, madigiri 45, mutu utatembenukira pang'ono kumanzere, ndipo muwalitse tochi chammbali pakhosi lakumanja. Kugunda kwa mtsemphawo kukaoneka masentimita opitirira anayi pamwamba pa kafupa kotumphuka ka pachifuwa, madzi achuluka. Nthawi zina mtsempha umadzaza mpaka kukhutu munthu atakhala tsonga. Izi zimafuna kuzolowera, ndipo ndikulimbikitsa ophunzira kuyang'ana khosi la wodwala aliyense, ngakhale wa chilonda cha mwendo, kuti diso lidziwe khosi labwinobwino.

Mverani mapapo kumsana, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, mbali zonse ziwiri. Madzi amamveka kuthetheka munthu akamakoka mpweya. Lembani pamene kuthethekako kwalekezera, kaya m'munsi mokha kapena mpaka pakati pa msana, kuti wobwera usiku adziwe ngati kwakwera. Pamtima, ngakhale musathe kutchula dzina la phokoso limene mwamva, lembani kuti mwamva mkokomo pakati pa kugunda ndi malo amene mwaumvera. Chenjerani ndi wodwala amene mitsempha ya m'khosi yadzaza, BP yatsika, mtima ukumveka chapatali koma mapapo ali ouma, makamaka ngati akuwonda ndi kutsokomola. Ameneyo akhoza kukhala ndi madzi opanikiza mtima m'kathumba kake, ndipo mankhwala okodzetsa a furosemide angamugwetse. Dokotala amuone msanga.

Pamimba, gwirani pansi pa nthiti zakumanja, pamene chiwindi chodzaza magazi chimatupa ndi kupweteka. N'chifukwa chake odwala ambiri amadandaula za kukhuta msanga ndi mseru, ena n'kupatsidwa mankhwala a zilonda zam'mimba. Pamwendo, dinani ndi chala chachikulu pafupa la msongolo kwa masekondi asanu, muone ngati patsala dzenje, ndipo mulembe pamene kutupa kwafika: m'kakolo, m'mawondo, m'ntchafu kapena kumaliseche. Wodwala amene wagona masiku angapo mutembenuzeni mudine m'munsi mwa msana, chifukwa madzi amatsikira kumeneko, miyendo n'kuoneka ngati yaphwa.

Chachisanu: sikelo ndi botolo

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulisamale koposa, chifukwa ndi lotchipa ndipo ndi limene limasiyidwa. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho sikelo imaonetsa madzi amene alowa kapena atuluka m'thupi diso lisanaone kusintha kulikonse. Muyezeni wodwala m'mawa uliwonse, atakodza, asanadye phala, pa sikelo yomweyo, atavala zovala zofanana ndi za dzulo. Kumuyeza lero atafunda bulangete, mawa ali ndi chitenje chokha, n'kungodzinamiza. Amene akulandira furosemide chifukwa chotupa amayenera kutsika pafupifupi theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi patsiku. Akapanda kutsika masiku awiri, dokotala adziwe kuti mwina mulingo wa mankhwala wachepa kapena pali mchere ukulowa mobisa. Akatsika mothamanga, n'kumachita chizungulire poimirira, pakamwa pouma, ndiye kuti taumitsa mopitirira ndipo impso zili pangozi.

Mkodzo uyezedwe. Munthu amayenera kutulutsa osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa ola, kutanthauza mamililita 30 pa ola kwa wolemera makilogalamu 60. Popanda jagi yoyezera, botolo lapulasitiki loduladula pakamwa ndi kulembapo mizere limakwanira, ndipo gadiyani akaphunzitsidwa bwino amalemba mokhulupirika kuposa mmene ambiri timaganizira. Dokotala akalamula kuti zakumwa zisapitirire lita imodzi ndi theka patsiku, musangonena nambala. Muonetseni gadiyani mabotolo atatu a theka la lita, ndipo mumuuze kuti tiyi, thobwa ndi phala lamadzimadzi zikuwerengedwa momwemo. Ngati wodwala akuikidwa magazi chifukwa achepa, ayende pang'onopang'ono, pafupifupi maola anayi pa paketi, ndipo mumvere mapapo pafupipafupi; kawirikawiri dokotala amalembanso furosemide pa nthawiyo.

Chachisanu ndi chimodzi: mankhwala

Furosemide, amene ambiri amamudziwa kuti Lasix, aperekedwe m'mawa, ndipo ngati ndi kawiri patsiku wachiwiri akhale masana, kuti wodwala asachezere kupita kuchimbudzi mumdima n'kugwa. Wa mumtsempha mubaye pang'onopang'ono, chifukwa wothamanga amawononga makutu. Amachotsanso potaziyamu m'thupi, zimene zimaoneka ndi kufooka ndi kukokana kwa minofu. Nthochi ndi mapeyala zimathandiza kubwezeretsa, koma musalangize aliyense mofanana: amene akumwa spironolactone limodzi ndi enalapril, kapena amene impso zake zafooka, potaziyamu amamuchulukira, ndipo kumeneko kungaimitse mtima.

Musanapereke digoxin, mverani mtima mphindi yathunthu. Ukakhala pansi pa 60 mwa munthu wamkulu, imitsani kaye mufunse dokotala. Mseru, kusanza, kusafuna kudya ndi kuona zinthu zachikasu ndi zizindikiro zakuti mankhwalawa achuluka m'thupi, ndipo zimabwera msanga potaziyamu akatsika. Enalapril ndi captopril amatsitsa BP ndipo ena amawapatsa chifuwa chouma. Saperekedwa kwa mayi woyembekezera. Atenolol, carvedilol ndi anzake amachedwetsa mtima, choncho yezani kugunda ndi BP musanapereke, ndipo sayambitsidwa mapapo akadali ndi madzi. Wakumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, muyang'aneni nkhama, mkodzo ndi chimbudzi ngati mukutuluka magazi, ndipo tsiku loyezetsa INR, muyeso wa mmene magazi akuundanira, lilembedwe poonekera.

Wodwala mavalavu amabayitsa benzathine penicillin masiku 28 alionse, mayunitsi 1.2 miliyoni kwa wamkulu ndi theka lake kwa mwana wamng'ono, kwa zaka zambiri, ena mpaka zaka 40 zakubadwa kapena moyo wonse. Jakisoniyu sakonza valavu yowonongeka, koma amaletsa matendawo kubwereranso kudzaonjezera chilonda. Ndi wowawa, ndipo achinyamata ambiri amathawa chifukwa cha ululu, choncho tenthetsani botolo m'manja, bayani pang'onopang'ono, ndipo mulankhule nawo mwachifundo. Funsani nthawi zonse ngati penicillin anawayambitsapo ziwengo, adrenaline akhale pafupi, wodwala akhale atadya ndi kumwa, abayidwe atagona, ndipo akhale pamaso panu kwa mphindi 30. Amene mavalavu ake awonongeka kwambiri ndipo mtima wafooka, dokotala ndiye asankhe pakati pa jakisoni ndi mapiritsi.

Chachisanu ndi chiwiri: pamene simuyenera kudikira

Itanani dokotala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, wodwala akayamba kutsokomola thovu lofiirira, okosijeni akakana kukwera ngakhale ali pa makina, BP ikatsika manja n'kuzizira, mtima ukagunda pansi pa 50 kapena kupitirira 130, akamva kupanikiza pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada kosatha mphindi 15, akayamba kubwebweta kapena kusinza modabwitsa, pakamwa pakapotoka kapena mkono ukalefuka, ndiponso mkodzo ukasiya kutuluka. Polankhula pafoni yambani ndi manambala ndi kusintha kwake: "Adokotala, ndili ku wodi ya amayi. Mayi aja a mtima m'mawa amapuma ka 22, pano ka 34, okosijeni watsika kuchoka pa 94 kufika pa 86, ndipo kuthetheka kwafika pakati pa msana. Ndawakhazika tsonga, ndayamba okosijeni, ndikupempha mubwere." Mawu otere amadzutsa munthu kuposa kungonena kuti wodwala sakupeza bwino.

Akatumizidwa ku Blantyre, kaya mudzera msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo, ulendowo umapitirira ola, choncho onetsetsani kuti silinda ya okosijeni ili ndi wokwanira ulendo wonse ndi wapadera. Ayende atakhala tsonga, namwino ali pambali pake, ndipo tchati cha sikelo ndi mkodzo chipite nawo pamodzi ndi kalata.

Pa chisamaliro cha tsiku ndi tsiku ndingonena mwachidule. Khungu lotupa limachita zilonda msanga, choncho wosatha kudzitembenuza asinthidwe kagonedwe maola awiri alionse. Chakudya chikhale chochepa koma pafupipafupi. Asadzimbidwe, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumalemetsa mtima. Befu akachepa ayambe kukhala pampando ndi kuyenda pang'ono m'wodi, kuti magazi asaundane m'miyendo. Ndipo munthu amene mpweya ukumuthera amakhala ndi mantha aakulu. Kukhala naye pafupi ndi kumuuza chimene mukuchita kumachepetsa kupuma mothamanga.

Chomaliza: kuphunzitsa asanatuluke

Maphunziro asadikire tsiku lotuluka, pamene maganizo onse ali pa katundu ndi ndalama ya minibasi. Yambani wodwala akangopezako bwino, ndipo muphunzitse amene amaphika pakhomo, chifukwa kuuza bambo za mchere mayi kapena mpongozi wophikayo palibe n'kutaya nthawi. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosafika magalamu asanu patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse. Tchulani zinthu zenizeni: usipa ndi matemba ouma aviikidwe ndi kutsukidwa asanaphikidwe, timibulu tokometsera ndiwo tisiyidwe, mchere wapambali pa mbale uchoke, ndipo soda wa m'therere ndi m'masamba achepe, chifukwa nayenso amasunga madzi m'thupi monga mchere. Nandolo, nyemba, masamba otendera, tomato ndi anyezi zimakoma ndi mchere wochepa banja likazolowera, ndipo n'kwabwino kuti mphika ukhale umodzi wa onse kusiyana ndi kumupatula wodwala.

Muuzeni momveka kuti mankhwala a mtima ndi a BP sasiyidwa munthu akapeza bwino, ndipo akatsala a sabata imodzi abwere kudzatenga ena. Mayi wa msinkhu wobereka mukambirane naye za kulera, mwamuna wake alipo ngati iye wavomera, chifukwa mimba pa valavu yothina kapena pa mtima umene unafooka pa uchembere wapita ingamuphe, ndipo enalapril ndi warfarin zimavulaza mwana m'mimba. Ana a pakhomopo akadwala zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala, asangomwa panado.

M'buku lake lembani kulemera kwake pa tsiku lotuluka, mayina ndi milingo ya mankhwala, tsiku la jakisoni wotsatira ndi tsiku lobwera ku kiliniki. Kunyumba ambiri alibe sikelo, choncho muuzeni azikayezetsa pa chipatala chaching'ono chapafupi, pa sikelo imodzimodzi, ndipo akakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu abwere osadikira tsiku lake. Mupatseninso zizindikiro zosafuna sikelo: nsapato zikayamba kuthina, mphete ikakana kuvuka, kapena akayambiranso kugona atatsamira khoma. Pomaliza mufunseni gadiyani abwereze zonse ndi pakamwa pake, ndipo dzina la mudzi ndi la mlangizi wa zaumoyo wa deralo zilembedwe m'kaundula, kuti wodwala wochokera kutali monga ku Muloza akaphonya jakisoni wa mwezi umenewo pakhale womulondola.